Milungu 6 kwa mphunzitsi wa agalu: Namondwe wachepetsa bodza patsinde

Ndimakhala kummwera kwa Indiana, ku America, ndipo kusaka raccoon (kanyama koyenda usiku kokwera m'mitengo) ndinaphunzira kwa anzanga akuntchito. Galu wanga ndi wamkazi, wa mtundu wa Treeing Walker, dzina lake Namondwe. Ntchito ya agalu amenewa ndi kulondola fungo mpaka kanyamako katakwera mumtengo, kenako kuima patsinde n'kumauwa kufikira mlenje atabwera ndi tochi. Liwiro Namondwe ali nalo, mawu ndiye osanena. Chomwe chinkandisowetsa mtendere ndi bodza. Ndinkayenda mtunda m'matope, kufika patsinde, kuwalitsa tochi nthambi ndi nthambi, osaona diso ngakhale limodzi. Alenje akuno mtengo wotere amautcha slick tree, ndipo pa mpikisano wa bungwe la agalu la UKC (United Kennel Club) mapointi 125 a galu woyamba kuuwa patsinde amasanduka ochotsera mtengowo ukapezeka wopanda kanthu.

Ndinamupititsa kwa bambo wina wachikulire amene amaphunzitsa agalu pafamu pake. Inali February, mitengo ili yoyoyoka masamba, nthawi imene malamulo a Indiana amalola kuthamangitsa agalu koma osapha nyama. Tsiku loyamba sanamugwire n'komwe galuyo. Anati tilowe m'tchire, ndisake momwe ndimasakira, iwo azingoonerera. Namondwe atauwa pamtengo wa oak ndinathamanga, kumusisita, kumuyamikira ngati mwana wakhoza mayeso. Bamboyo anangondifunsa motsitsa mawu ngati ndayiona nyamayo. Ndinali ndisanakweze n'komwe tochi. Manyazi anandigwira mumdima momwemo. Chaka chathunthu ndinali ndikuphunzitsa galu wanga kuti mtengo uliwonse umabala chiyamikiro.

Njira yawo ndi yosavuta kufotokoza, kungoti imafuna kuleza mtima. Ukafika patsinde, umange galu kaye ndi chingwe pambali, ufufuze mtengo bwinobwino. Raccoon alimo, muyamikire kwambiri. Mulibe, mudzudzule ndi mawu amodzi, umuchotsepo, apite akafune komwe fungo lalowera. Mtengo ukakhala ndi mphako usayamikire, usadzudzule, chifukwa sungadziwe chomwe chili m'katimo. Anandionetsanso chimene ndinali ndisanachimvetse: raccoon wamkulu amakwera pang'ono n'kudumphira pansi, kapena kuwolokera mtengo wina kudzera m'nthambi, ndiye galu wopupuluma amakakamira fungo la patsinde loyambalo. Galu wabwino amayamba wazungulira mtengo kuti amve ngati fungo latulukanso. Namondwe anali ndi kachizolowezi kenanso kongothamangira pomwe agalu anzake akuuwa, choncho milungu yonseyo anamusakitsa yekha, m'malo momwe nyama n'zochepa, kutali ndi minda ya chimanga.

Chimene chinandikopa kwambiri ndi momwe amagwiritsira ntchito kolala. Ndili ndi kolala ya GPS ya Garmin Alpha, imene imaonetsa pomwe galu ali ndiponso kukudziwitsa akaima patsinde. Iwo anakana kwamtuwagalu kumutchaya ndi magetsi a pakolalayo ali pamtengo, ati galu wamng'ono akhoza kuyamba kuopa mitengo yonse, ndipo vuto limenelo ndi lovuta kuchiza kuposa bodza. Ankangoliza kabelu ka pakolalayo basi.

Zodandaula zilipo. Foni sayankha msanga. Ndinkatha masiku anayi osamva kanthu, mavidiyo amene analonjeza sabata iliyonse ndinalandira awiri okha. Galu anabwerera ataonda, nthiti zikuwerengeka, ngakhale ndivomereze kuti wothamanga usiku ndi usiku sanganenepe. Khalidwe lodumphadumpha patsinde n'kumatafuna makungwa silinathe, ndipo iwo ananena poyera kuti limenelo sangalonjeze. Ndalama yakenso si yamasewera, mayi akunyumba anandiyang'ana ndi diso lija lofunsa ngati galuyu adzatilipirira lendi.

Ndinadikira dala nyengo yonse yosaka, kuyambira pa 8 November mpaka pa 31 January, ndisanalembe izi. M'kabuku kanga ndinalemba mitengo 41: raccoon ndinamuona pa 29, ya mphako inali 7, yopanda kanthu 5. Namondwe wayamba kuchedwerapo asanauwe patsinde, ndipo poyamba kachetechete ameneyo ankandidetsa nkhawa. Usiku wina m'mbali mwa kamtsinje ndinamuona pa GPS atafika pamtengo, kuuzungulira kawiri, kuusiya, n'kukauwa pamtengo wina mamita ngati 60 kutsogolo. Nditakweza tochi, maso awiri ofiira ali phee pamphanda.

Ndikuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5. Amene mukufuna kupititsako galu wanu, musangomusiya pageti n'kubwerera; pemphani kuti mupite nawo kutchire masiku angapo. Namondwe ndikufuna kukamuyesa ku mpikisano waukulu wa Autumn Oaks ku Richmond, Indiana, pa wikendi ya holide ya Labor Day chakumayambiriro kwa September, masamba ali thithithi, pomwe tochi siona zonse.