Kashopu ka ku Biwi komwe anandikonzera pule ya Land Rover

Galimoto yakale ikamadonthabe oyilo kutsogolo kwa injini ngakhale mwasintha silu (labala wozungulira wotchinga oyilo), pitani kwa anthu amene ali ndi lathe (makina osemera zitsulo) ndi maikiromita (kachipangizo koyezera kukula kwa chitsulo). Ine ntchito imeneyi anandigwirira pa kashopu kena ka ku Biwi mu Lilongwe, kuseri kwa mashopu a masipeya, komwe kuli madala ena a imvi amene ntchito yawo ndi zitsulo za injini basi.

Yanga ndi Land Rover Series III ya petulo, injini ya 2.25 ija. Mtundu umenewu ankaupanga kuyambira 1971 mpaka 1985, ndiye zitsulo zake zaona zambiri. Tinali mkati mwa ovaholo, tagula kale ma ring, ma bearing, tcheni cha timing ndi magasiketi. Makaniko wanga atazula pule (gudumu loyendetsa lamba) ya kutsogolo kwa crankshaft, tinapeza kangalande kozungulira khosi lake, pamalo pomwe mlomo wa silu umakhudza. Ukayendetsapo chala, chikhadabo chimakodwa. Ambiri amakana zoti labala angadye chitsulo, ndipo n'zoona kuti sadya yekha. Fumbi la m'misewu yathuyi limamatirira ku oyilo pamlomo pomwepo, n'kumapala chitsulo pang'onopang'ono kwa zaka. Silu yatsopano ikagwera m'kangalandeko siigwira, ndipo oyilo amayambiranso.

Chimene chinandikhazika mtima pansi n'choti madalawo sanathamangire kutchula mtengo. Anatsuka puleyo, n'kuyeza khosi lake malo atatu mozungulira, pambali pa podyekapo, manambala akulemba pa katoni. Kenaka anati, "Bwana, apa sandipepa sangathandize, mungochepetsa chitsulo." Anandiuzanso china chimene amakaniko ambiri sachilabadira: ukapukuta khosi pa lathe uku ukuyendetsa sandipepa cham'mbali, umasiya timizere topotana ngati mazinga a bawuti, ndipo timizereto timatha kukokera oyilo kunja injini ikamazungulira.

Njira zinalipo zingapo. Kugula pule ina, koma zakale za kuno zambiri n'zodyekanso chimodzimodzi. Kuwotcherera n'kusema, koma iwo anakana okha, kuopa kuti moto upinda chitsulo. Tinagwirizana zovekapo kamkombero kopyapyala ka kampani ya SKF kotchedwa Speedi-Sleeve. Ndi ka stainless, kuchindikala kwake ndi 0.28 mm yokha, choncho silu imakhala ya saizi yake yomweyo.

Tsiku loveka ndinaima pomwepo. Anachotsa tizitsulo tosongoka m'mphepete ndi kafayilo, n'kupukuta mpaka nsalu yoyera kutuluka yoyera. M'kangalande muja anadzazamo epoxy wosakaniza ndi ufa wa chitsulo, ndipo asanaume anakhazika kamkomberoko, n'kuvundikirapo kachikho kamene kamabwera limodzi m'bokosi. Hamala inkagwa pakati penipeni, pang'onopang'ono, akumaima n'kuzunguliza pule kuti aone ngati kakulowa mowongoka. Sanatenthe chilichonse. Katafika pamalo pake anasenda mkupiro wa kumapeto ndi pulayala, pamene anali atachekerapo kale, ndipo khosi linatsala losalala, lonyezimira, chikhadabo chikungotsetsereka. Mnyamata wawo atafuna kugwira ndi manja a girisi wa mchenga, anamubweza kuti akasambe kaye.

Asanandipatse anafunsa za breather ya injini, potulukira mpweya wa m'kati mwake. Ikatsekeka, mpweya umadzadza m'kati n'kukankha oyilo pa silu iliyonse, ngakhale khosi likhale labwino chotani. Yanga tinaipeza yodzadza utsi wouma, ndipo tinaitsuka. Analangizanso makaniko wanga kuti apake oyilo wa injini pamlomo wa silu asanalowetse pule, isayambe kuzungulira youma.

Zodandaulitsa zilipo ndithu. Kamkomberoko analibe m'shopu, kanachita koitanitsa ku Johannesburg, ndipo tsiku limene anandilonjeza linadutsa kwambiri. Kudikira ndikanapirira, koma foni sayankha, umachita kupita wekha kukafunsa, galimoto ili pa majeki kwa makaniko. Lisiti amalemba ukachita kupempha. Malo ndi opanikizika, katundu wa anthu osiyanasiyana ali pa shelefu imodzi, ndiye lembani dzina pa chitsulo chanu ndi penti. Mtengo wa kamkomberoko umaposa wa silu kangapo, koma ya manja awo inali yosaboola m'thumba poyerekeza ndi kusamala kumene ndinaona.

Injini titaimanga ndayenda nayo pa M1 kukafika ku Dedza, ndiponso m'fumbi la njira ya ku Dzalanyama. Ndikagwada n'kuunika ndi tochi pansi pa timing cover, pamakhala pouma. Mukamapita kumeneko tengani pule, silu yatsopano ndi timing cover limodzi, chifukwa amafuna kuona pamene mlomo wa silu ukafikire asanaitanitse saizi.