C63 yatsopano ya masilinda anayi ndi V8 yakale: zimene misewu ya Blantyre yandionetsa

Funso limene anthu andifunsa kwambiri chigulireni Mercedes-AMG C63 S E Performance ndi limodzimodzi, kaya ndi kotsukitsa galimoto ku Ginnery Corner kaya ndi kuukwati: "Achimwene, V8 ija simukuisowa?" Nditangoilandira ndinalemba mawu ochepa, kuti yatsopanoyi ndi yaliwiro kuposa C63 S yakale ya injini ya V8, ya masilinda asanu ndi atatu, imene ndinakhala nayo zaka zingapo, ndipo ndinalonjeza kuti zambiri ndidzanena ikadzalawa mvula ya dzinja, chiperoni cha mu Juni ndi dzuwa la Okutobala. Zonsezo yalawa tsopano. Yakale ija sinapite patali. Anaigula alamu anga a ku Nyambadwe, ndipo nthawi zina Loweruka timasinthana makiyi, choncho zimene ndinene pano si zongokumbukira. Ndimatsika ina n'kukwera inzake tsiku lomwelo.

Yakale, imene a Mercedes amaitcha W205, inatuluka mu 2015 ndi injini ya V8 ya malita 4.0 ya ma turbo awiri, mphamvu 375 kW ndi torque (mphamvu yopotokola matayala) 700 Nm, zonse zikupita ku matayala akumbuyo okha. Yatsopano, W206, anaionetsa koyamba mu Seputembala 2022, ndipo theka la masilinda analichotsa. Mwatsala injini ya malita 2.0 ya masilinda anayi yotulutsa 350 kW payokha, yothandizana ndi mota yamagetsi imene inaikidwa pakati pa matayala akumbuyo. Zikaphatikizana zimafika 500 kW ndi 1,020 Nm, ndipo matayala onse anayi amakoka. Kuchoka poima kufika liwiro la 100 km pa ola, yakale imatenga masekondi 4.0, yatsopano 3.4. Koma pali nambala ina imene ogulitsa saitchula mokweza. Yatsopano imalemera kupitirira 2,100 kg, pamene yakale sifika 1,800 kg. Zili ngati kuyenda tsiku lililonse utanyamula matumba a chimanga a 50 kg osachepera asanu ndi limodzi, osawatsitsa. Mu Blantyre muno nambala imeneyi ndiyo yakhala ikulamula kuposa zina zonse.

Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa zilipo ndipo si zazing'ono.

M'tauni yatsopanoyi ndi yofatsa kwambiri. Aliyense amene amadutsa Masauko Chipembere Highway cha m'ma 5 koloko madzulo akudziwa kuti kuchokera ku Chichiri kufika ku Clock Tower munthu umayenda mita zochepa n'kuima, minibasi ikukulowerera kumanzere, wakabaza kumanja. Pamalo otero V8 ija inali yovuta. Giya yake ilibe torque converter, chipangizo chimene chimafewetsa kunyamuka m'magalimoto ambiri osintha okha magiya, ili ndi kilachi yomira m'mafuta, ndipo ponyamuka pang'onopang'ono imagwedeza galimoto, mayi a kunyumba n'kumandiyang'ana ngati ndachita dala. Yatsopano ili ndi giya ya mtundu womwewo, koma pa liwiro lochepa imene imakankha ndi mota yamagetsi, injini ili chete. Umanyamuka bwinobwino, umaima bwinobwino. M'mamawa ndikamatuluka pageti sindidzutsanso ana a oyandikana nawo nyumba, zimene yakale inkachita tsiku ndi tsiku ikangolizidwa kukuzizira. Matayala akumbuyo amakhotanso pang'ono, madigiri mpaka 2.5, ndipo zimenezi zimathandiza poimika m'malo opanikiza a mu Victoria Avenue.

Pamvula ndiye palibe mpikisano. V8 yokoka kumbuyo kokha pamsewu wonyowa wa ku Thyolo, m'makona a m'minda ya tiyi muja chifunga chitatsika, inkafuna phazi laulemu. Ukaponda mafuta mopitirira pang'ono potuluka pakona, kumbuyo kunkayamba kuthawa kompyuta isanagwire. Yatsopano imagwira pansi ndi matayala onse n'kumapita. Dzinja lathali ndayenda ndi banja ku Mulanje kudzera ku Midima mvula ikukhuthuka, ndipo sindinamvepo galimoto ikuterereka ngakhale pamene madzi anali atadekha pa tala. Kwa munthu wonyamula ana, chimenechi chokha ndi chifukwa chokwanira.

Tsopano kulemera kuja.

Chiyambire namondwe Freddy mu Malichi 2023, misewu yambiri ya m'makwalala athu sinabwererenso mwakale, ndipo dzinja lililonse limatsegula maenje atsopano. Galimoto yolemera matani awiri, yoyenda pa matayala opyapyala a marimu a mainchesi 20, ikagwera m'dzenje imagwera ndi thupi lonse. Mashoko ake ndi ofewa kuposa a yakale ukaika pa Comfort, moti pa msewu wa mabampu ang'onoang'ono msana supweteka monga kale. Koma dzenje lakuthwa m'mphepete silimva za mashoko. Mwezi wa Febuluwale tayala lakutsogolo linatupa m'mbali nditagunda dzenje lobisika m'madzi, pa liwiro limene ndikhulupirira kuti yakale ikanapulumuka. Tayala la saizi imeneyo sulipeza pashelefu ku Limbe. Linachokera ku Johannesburg, ndipo poti galimoto imakoka matayala onse anayi, sungaike latsopano limodzi pambali pa lakutha, ndinagula awiri. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogulidwa ndi ndalama zakunja chimaluma, komanso ndalamazo kuti uzipeze kubanki pamafunika kudikira. Galimoto inakhala m'galaja masabata angapo chifukwa cha tayala. Galimoto ziwiri zonsezi zilibe tayala la sipeya, zimangokhala ndi kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu, zomwe sizithandiza tayala likang'ambika m'mbali.

Ngakhale popanda maenje, matayala akutha msanga kuposa pa yakale, makamaka akutsogolo. Mahampu nawo ndi nkhani ya galimoto zonse ziwiri: ulendo wa ku Zomba, m'malo a malonda monga pa Namadzi ndi pa Thondwe, umawoloka chammbali, mwapang'onopang'ono, ma Sienta akukupitirira. Kusiyana kwake n'kwakuti yatsopano ikatsika hampu imatitimira kwambiri, ndiye kunsi kwa bampala kumakhudza pansi pamalo ena pamene yakale imadutsa osakhudza.

Kumene kulemerako kumaonekera bwino ndi msewu wotsikira ku Chikwawa. Uwu ndi msewu umene ndimayesera galimoto iliyonse, chifukwa umachoka pamtunda wa mamita oposa 1,000 n'kutsetsereka m'makona okhaokha mpaka kuchigwa cha Shire. Potsika, yatsopano imachita chinthu chosangalatsa: ukachotsa phazi pa mafuta, mota ija imasanduka jenereta, imagwira galimoto n'kumadzaza batire, moti pofika pa mlatho wa Kamuzu batire limakhala litadzaza mabuleki asanatenthe. Pokwera ndiye imathamanga modabwitsa. Turbo yake ili ndi kamota kamagetsi kamene kamaizungulitsa utsi usanafike, luso lochokera ku mipikisano ya Formula 1, choncho ukaponda palibe kudikira. Kupitirira thiraki ya shuga pa kamtunda kochepa kowongoka n'kosavuta mpang'ono pomwe. Koma ukafika pakona yothina, uyenera kuponda buleki msanga kuposa mmene maso akukuuzira, ndipo m'manja umamva kuti makompyuta akugwira ntchito yaikulu kubisa thupi lolemera. Yakale pa makona omwewo ndi yochedwerapo, yosakhazikika, nthawi zina yoopsa ndithu, koma chiwongolero chake chimakuuza zonse zimene matayala akukumana nazo. Ndikafika pamwamba ndi yatsopano ndimakhala ndafika msanga. Ndikafika ndi ya alamu anga ndimalakalaka kubwerera kumunsi kuti ndikwerenso.

Apa ndiye pagona yankho langa pa funso lija. Inde, ndimaisowa, ndipo chimene ndimasowa kwambiri si kulira kokha. V8 ija inkapereka chisangalalo chake pa liwiro lololedwa. Pa 50 km pa ola, ukukwera chitunda cha ku Sunnyside mawindo ali otsegula, injini inkaguguda pansipansi mpaka kumva m'chifuwa, ndipo umakhala walandira kale zimene unalipira. Yatsopano luso lake lenileni limayamba kuoneka pa liwiro limene m'Malawi muno mulibe msewu wake. M'mbali mwa misewu yathu muli ana a sukulu, njinga zonyamula makala, mbuzi, amayi ogulitsa tomato. Munthu wanzeru sangafune 500 kW pamenepo. Ndiye masiku ambiri umayenda ndi gawo laling'ono la mphamvuzo, ukumva injini ya masilinda anayi imene kulira kwake amakuwonjezera ndi masipika. Ndinayesa kuzolowera phokoso la masipikalo koma khutu limazindikira, ndipo tsopano ndimakonda kuyenda nayo mwakachetechete, mmene ilili.

Sindikunyoza injiniyo. Kutulutsa 350 kW m'malita awiri ndi ntchito yaukatswiri, ndipo monga ya V8, imamangidwa ndi munthu mmodzi ku fakitale ya AMG ku Affalterbach, ku Germany, dzina lake n'kulembedwa pa kachitsulo pamwamba pa injini. Ndikukumbukiranso kuti W205 itabwera mu 2015 anthu anadandaula chimodzimodzi, ati ma turbo apha kulira kwa V8 ya malita 6.2 ya W204, C63 imene inalipo W205 isanabwere. Patapita zaka anaikonda. Koma ulendo uja masilinda anatsala asanu ndi atatu, ndipo sindikuona kuti nthawi idzachiza dandaulo la ulendo uno.

Za mafuta, ambiri amaganiza kuti poti ndi ya magetsi ndiye kuti mizere ya pa filling station sindiidziwa. Ayi ndithu. Batire lake ndi laling'ono, 6.1 kWh, ndipo eni ake amati limayenda makilomita 13 pa magetsi okha. Analipanga kuti lizitulutsa mphamvu mwachangu ndi kudzazanso mwachangu, osati kuti lizipita kutali. Kuchokera ku Namiwawa kupita ku Limbe ndi chokwera, ndipo injini imadzuka ndisanafike. Pobwerera, poti ndi chotsika, ndimatha kufika kunyumba injini italira pang'ono chabe. Ndikalitchaja usiku uliwonse, maulendo a m'tauni amadya mafuta ochepa kuposa V8, ndipo nthawi ya kusowa kwa mafuta zimenezi zinandithandiza kutalikitsa thanki imodzi. Magetsi akazima usiku, m'mawa umangoyenda pa petulo utanyamula batire lopanda kanthu. Pa ulendo wautali wa ku Lilongwe kusiyana kwake n'kochepa kwambiri, ndipo thanki ya yatsopano ndi ya malita 60 pamene yakale ndi 66, choncho ukadutsa pa Chingeni umayamba kale kuwerengera pomwetsera.

Palinso nkhani ya mtundu wa petulo. Injini zonse ziwiri zimafuna wapamwamba, wa octane 98, pamene kwathu kuno pampu ya petulo ndi imodzi, wosakaniza ndi ethanol wa ku nzimbe monga takhala tikuchitira kuyambira 1982. Injini zili ndi masensa amene amabweza mphamvu pang'ono zikaona kuti mafuta sakupsa bwino. V8 ili ndi malo opumira, siumirizidwa kwenikweni. Ya malita awiriyi imafinyidwa kwambiri, ndipo m'kutentha kwa ku Nchalo mu Okutobala ndinamva kuti yafooka poyerekeza ndi m'mawa wozizira wa mu Julayi. Sinadwalepo, koma ndi chifukwa chake mafuta a injini ndimasintha nthawi yake isanakwane.

M'kati sindikhalitsamo. Sikirini yaikulu yapakati ndi yokongola, koma fumbi la mu Seputembala ndi zala zimaidetsa tsiku limodzi, ndipo mabatani ongokhudza a pa chiwongolero amavuta galimoto ikamadumpha. Mabatani enieni a yakale ndimawapeza osayang'ana. Buti inachepa kufika malita pafupifupi 280 chifukwa batire lili pansi pake, pamene yakale inali yoposa 400. Masutikesi awiri akuluakulu opita nawo ku Chileka salowa bwino, lina limakhala pampando wakumbuyo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zaka zakutsogolo. V8 ya W205 amakaniko odziwa magalimoto a ku Germany mumzinda muno anaizolowera, ndipo injini ya banja lomwelo ili m'magalimoto ena a AMG monga G63, choncho zipangizo ndi nzeru zake zimapezeka. Yatsopano ili ndi batire la mavoti 400, la maselo 560 omizidwa m'madzi apadera oziziritsa, ndipo mawaya ake achikasu chofiirira sagwiridwa ndi munthu wosaphunzira ntchitoyo, amapha. Ma C-Class a W206 amamangidwa ku East London ku South Africa, zimene zimafupikitsa njira ya zipangizo, komabe chinthu chachikulu chitavuta ku mbali ya magetsi, ndikudziwa kuti galimoto ingakwere thiraki kudzera ku Mwanza ndi Tete. Mpaka pano palibe chavuta, nyali yochenjeza sinayakepo. Koma amene adzagule galimotoyi kwa ine ikadzakwana zaka zisanu ndi zitatu adzafunsa za batire asanafunse za china chilichonse, ndipo mtengo wake udzatsika pa chifukwa chimenecho. Ya alamu anga anthu akuifunsira kale.

Mbali imodzi imene yatsopano imapepukira m'thumba ndi polowa m'dziko. Msonkho wa galimoto kuno umayendera kukula kwa injini ndi zaka zake, ndiye 1,991 cc ili m'gulu lotsika kuposa 3,982 cc. Koma mtengo wogulira ndi wokwera kwambiri, choncho phindulo silioneka kwenikweni.

Kwa amene akufuna galimoto imodzi yopita nayo kuntchito, kutchalitchi ndi kunyanja, mvula kaya dzuwa, yatsopano ndi yabwino kuposa yakale ndipo ine ndikhala nayobe pa chifukwa chimenecho. Kwa amene ali kale ndi galimoto ya masiku onse ndipo akufuna ya Loweruka, funani W205 yosamalidwa bwino ya 2018 kupita mtsogolo, imene ili ndi magiya 9 m'malo mwa 7, muone buku lake la sevisi, ndipo ndalama zotsalazo musungire matayala ndi mabuleki. Mukasankha yatsopano, funsani kaye amene adzaikonze mbali ya magetsi musanalipire, ndipo musatengeke ndi marimu a mainchesi 20. Ine ndaitanitsa kale a 19, ndi tayala limodzi lapadera loti lizikhala m'galaja mvula isanayambe.