Kulanda kapena kugula maesiteti a ku Kasungu

M'boma la Kasungu muli maesiteti a fodya amene anatsegulidwa m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo ena mwa iwo lero angomera tchire, zigafa zagwa, pamene mabanja oyandikana nawo akulimbirana kamunda kamodzi. Njira zoperekera malo oterewa kwa alimi zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi kulanda, monga linachitira dziko la Zimbabwe kuyambira m'chaka cha 2000. Mabanja ambiri analandiradi minda mofulumira, koma magazi anakhetsedwa, zokolola zinalowa pansi, ndipo antchito a m'mafamu, omwe ambiri makolo awo anachokera kuno ku Malawi, anasowa ntchito ndi pokhala pomwe. Mu 2020 boma la dzikolo linavomera kupereka chipukuta misozi cha madola 3.5 biliyoni kwa amene anali eni mafamuwo.

Yachiwiri ndi kugula kwa eni ake ofuna kugulitsa. Pulojekiti ya Kudzigulira Malo, yomwe inayamba mu 2004 ndi thandizo la World Bank, inapezera malo mabanja pafupifupi 15,000, makamaka ku Machinga ndi ku Mangochi, popanda zipolowe. Njirayi ndi yochedwa komanso yodula, koma ndi imene ndingasankhire Kasungu, bola maesiteti osalimidwa asamawonjezeredwe lizi (nthawi yobwereka malo ku boma), ndiponso matenanti amene akhalapo zaka zambiri akhale oyamba kulandira.