Kutera pa pulaneti: Kerbal, Elite Dangerous kapena No Man's Sky?

Anzanga amene mukufuna kugula gemu ya zombo za m'mlengalenga chifukwa cholakalaka kutera pa mapulaneti, musanatulutse ndalama ganizirani kaye za mphindi zisanu zomaliza chombo chisanakhudze nthaka. M'mavidiyo otsatsa malonda magemu onsewa amaoneka ofanana: pulaneti ikukula pa sikirini, fumbi likubuka, miyendo ya chombo ikuponda pansi. Koma kontirola ikakhala m'manja mwanu mumazindikira kuti ena amakupatsani ntchito yonse, ena amakuchitirani zonse inu nkumangoonerera. Kwa ine kutera kumakoma ngati kungathe kulephereka, ndipo kukalephereka munthu uzidziwa chimene walakwitsa. Muyeso wanga ndi umenewo.

Ndiyambe ndi No Man's Sky, ya kampani ya Hello Games ya ku Guildford, imene inatuluka mu August 2016. Iyi ndi ya munthu amene akufuna kufika msanga. Mukaona pulaneti mumangoloza mphuno ya chombo komweko, moto umayaka pang'ono pa galasi polowa mu mpweya, mitambo imatseguka, kenako mapiri ndi nyanja zili pansi panu. Palibe sikirini yodikirira. Mukapeza malo, mumadina batani limodzi ndipo chombo chimadzikhazika chokha. Poyamba gemuyi sinkalola nkomwe kuti muuluke pafupi ndi nthaka, mpaka pamene anaikonza mu 2017. Vuto lenileni limayamba mwatuluka m'chombo: kuzizira, kutentha, mvula ya poizoni, chitetezo cha suti chikutha, inu mukuthamangira timaluwa tachikasu ta sodium todzazitsira chitetezocho. Ndiponso kunyamuka kumadya mafuta pokhapokha mutatera pa bwalo lokonzedwa, choncho mumayamba kusankha kotera mwanzeru. Ndimaikonda chifukwa cha zimene mumapeza pansipo, nyama zachilendo, mapanga, malo omangapo nyumba. Koma kutsika kwenikweniko sikukufunsani luso lililonse. Pulaneti ya 50 mumaterapo ngati mmene munaterera pa yoyamba.

Starfield ya Bethesda, ya 2023, sindikhalitsapo. Ili ndi mapulaneti opitirira 1,000, koma mumasankha malo pa mapu, kavidiyo kamasewera, basi mwafika. Nkhani zake ndi mizinda yake zili ndi okonda ake, koma ngati mukufuna kuyendetsa chombo kuchokera kumwamba mpaka pansi, musayang'ane kuno.

Elite Dangerous ndi nkhani ina. Frontier Developments ya ku Cambridge inaitulutsa mu December 2014, ndipo kutera kunabwera patatha chaka, ndi gawo lotchedwa Horizons. Kuno mapulaneti ndi aakulu ngati enieni, ndiye kutsika kuli ndi masitepe ake. Mumayamba mwazungulira pulaneti mukuchepetsa liwiro, maso ali pa mizere yosonyeza mmene mphuno yapendekera. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 chombo chimalowa mu glide, kutsetsereka pa liwiro la mamita 2,500 pa sekondi. Mukaloza pansi kwambiri, kupitirira madigiri 60, mizere imafiira ndipo gemu imakutulutsani mu glide mwankhanza. Mukalowa mofulumira muli kutali ndi kumene mukupita, mumatsala ndi ulendo wautali wokwawa pang'onopang'ono pamwamba pa miyala. Mukayandikira mumatsitsa miyendo, rada imasintha nkuyamba kuonetsa kachithunzi ka chombo chanu pamwamba pa nthaka, ndipo mumasuntha pang'ono pang'ono mpaka kasanduke kabuluu, kusonyeza kuti malowo ndi osalala. Ndi chombo chaching'ono malo amapezeka msanga. Ndi chachikulu ngati Anaconda, m'dera la mapiri, mutha kuzungulira nthawi yaitali.

Chimene chimandigwira mtima mu Elite ndi mphamvu yokokera pansi. Pulaneti iliyonse ili ndi yake, ndipo nambala yake imaoneka pa sikirini mukamayandikira. Pa mwezi waung'ono chombo chimayandama mopepuka. Pa pulaneti ya Achenar 3, pamene kukoka kwake kumaposa kwa dziko lathu kasanu ndi kamodzi, kungolola chombo kuti chiyambe kugwa pang'ono ndiye kuti mainjini apansi sakwanitsanso kuchigwira. Mumaona mamita akuchepa, mwakankha batani lokwezera mpaka pamapeto, koma chombo chikupitabe pansi. Chitetezo chimazima, chitsulo chimalira. Ndipo ngati munali pa ulendo wa masabata wofufuza nyenyezi zakutali musanagulitse zimene mwapeza, chombo chikaphulika zonsezo zimapita nacho. Nchifukwa chake oyenda maulendo ataliatali amayang'ana kaye nambala ija asanatsike.

Kufooka kwa Elite ndi koonekeratu. Horizons inkalola kutera pa mapulaneti opanda mpweya okha. Odyssey, gawo lina la gemuyi la May 2021, inawonjezera kuyenda wapansi ndi mapulaneti a mpweya wochepa, koma dziko la nyanja, nkhalango ndi mitambo yochindikala mumangoliona muli kumwamba. Odyssey sinafikenso pa PlayStation ndi Xbox, chifukwa kampaniyi inalengeza mu 2022 kuti yasiya ntchito imeneyo. Ndiye mukatera bwinobwino, nthawi zambiri chimakulandirani ndi chipululu cha miyala ndi kagalimoto kanu ka Scarab.

Star Citizen nayo imalola kutsika popanda kudukiza, kuyambira pamene anatsegula miyezi ya Daymar, Yela ndi Cellin kumapeto kwa 2017, ndipo maonekedwe ake ndi okongola zedi. Koma inayamba kusonkhetsa ndalama mu 2012 ndipo yakhala zaka zonsezi isanamalizidwe, komanso imafuna kompyuta yamphamvu kwambiri. Sindingauze mnzanga kuti ayambire pamenepo.

Tsopano Kerbal Space Program. Inapangidwa ndi kampani yaing'ono ya Squad ku Mexico City, inayamba kuoneka mu 2011 nkumalizidwa mu April 2015. Zithunzi zake ndi zosavuta, oyendetsa zombo ndi tianthu tobiriwira tamaso aakulu, ndipo ambiri amaiona ngati ya ana. Komatu pa nkhani ya kutera, palibe imene imafikapo. Chifukwa chake ndi chakuti chombo mumachimanga nokha. Thanki ya mafuta, injini, kutalika kwa miyendo, zonse mumasankha inu musananyamuke, ndipo cholakwa chilichonse chimakudikirani pa mphindi yomaliza.

Tengani Mun, mwezi wa pulaneti ya kwawo ya Kerbin. Kukoka kwake ndi pafupifupi kofanana ndi kwa mwezi wathu. Kulibe mpweya, ndiye parachuti ndi yopanda ntchito. Mukuzungulira pa liwiro loposa mamita 500 pa sekondi, ndipo liwiro lonselo muyenera kulizimitsa ndi injini, mutatembenuza chombo kuti chiloze kumbuyo kwa kumene mukupita. Mukayatsa mofulumira, mumawononga mafuta mukuyandama m'mwamba, ndipo obwererera kwanu sakwana. Mukachedwa masekondi ochepa, mumasanduka dzenje. Zili ngati kutsika phiri pa njinga yonyamula matumba a makala: mabuleki ukawagwira molawirira umatopa usanafike, ukachedwa sakugwiranso. Pamamita omaliza maso amachoka pa manambala nkupita pa mthunzi wa chombo, umene ukuyandikira pang'onopang'ono kudzakumana ndi miyendo. Mukufuna kukhudza pansi pa liwiro la mamita asanu pa sekondi kapena kucheperapo, osasunthira m'mbali. Ndiye mwatera, mwazimitsa injini, kenako chombo chikuyamba kupendekeka chifukwa mwaima pa mtsetse wa chigwa ndipo munachimanga chachitali, chowonda. Ulendo wotsatira palibe amene angakuuzeni kuti mumange chachifupi, chotambalala miyendo.

Pamenepo munthu amayamba kumvetsa zimene Neil Armstrong anachita potera pa mwezi wathu pa 20 July 1969, pamene anaona kuti kompyuta ikupititsa chombo pa malo odzaza miyala ikuluikulu, nkuyendetsa yekha kupita patsogolo kukafuna malo osalala mafuta akutha.

Ndipo dziko lililonse mu Kerbal limafunsa funso lake. Duna, yofiira ngati Mars, ili ndi mpweya wochepa: parachuti imathandiza koma nthawi zambiri siyokwanira, mumamalizitsa ndi injini. Eve ili ndi mpweya wochindikala kasanu kuposa wa Kerbin ndipo kukoka kwake ndi kwakukulu, moti kutera nkosavuta ngati chishango cha kutentha chapirira, koma kuchokako ndi ntchito imene imagonjetsa ngakhale akatswiri. Mu Elite chimasintha ndi kulemera kwa chombo m'manja. Mu Kerbal chimasintha ndi chombo chonse chimene muyenera kumanga.

Zofooka ilinazo. Mukatera, chochita ndi chochepa: kudzala mbendera, kutenga dothi, kuchita kafukufuku pang'ono. Masiku oyamba ndi ovuta, ndipo ena amasiya asanafike ngakhale pozungulira Kerbin. Samalaninso pogula: tengani yoyamba. Kerbal Space Program 2 inatuluka yosamalizidwa mu 2023, ndipo gulu limene linkaipanga linatsekedwa mu 2024.

Kwa ife amene timawerengera bandulo, pali kusiyana kwina kofunika. Elite Dangerous imafuna intaneti nthawi zonse, ngakhale mukusewera nokha, ndipo netiweki ikaduka gemu imakutulutsani. No Man's Sky imatheka popanda intaneti. Kerbal nayonso, ndipo imayenda pa laputopu wamba bola zombo zisakhale ndi zidutswa zambirimbiri. Ili ndi batani la F5 losungira pamene mwafika ndi la F9 lobwererera, zimene zimathandiza magetsi akamathimathima.

Ngati mukufuna malo okongola oti muyendemo, gulani No Man's Sky. Ngati mukufuna kumva kuti ndinu woyendetsa chombo cholemera, muli mkati mwake, Elite ndi yanu. Koma amene mukufuna kutera kwenikweni, ndikukutumizani ku Kerbal, ndipo musayambire pa Mun ngakhale ili pafupi. Pitani ku Minmus, mwezi wachiwiri wa Kerbin. Ndi kutali pang'ono ndipo njira yake ndi yopendekeka, koma kukoka kwake sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a kwa Mun, ndipo ili ndi zidikha zazikulu zosalala zimene mumaziona muli kumwamba. Kumeneko mukachedwa kuyatsa injini mumakhala ndi nthawi yokonza, ndipo mafuta obwererera amatsala.