Kugona pa hotelo yotsika mtengo kumwera kwa siteshoni ya Kyoto

Mahotelo amene ku Japan amatchedwa business hotel anamangidwira anthu apantchito otumidwa kumzinda wina, amene amafika madzulo ndi kachikwama kamodzi, n'kugona, n'kulawirira m'mawa kukakwera sitima. Makampani monga Toyoko Inn, APA, Dormy Inn ndi Super Hotel ali ndi nyumba zoterezi pafupi ndi masiteshoni ambiri m'dzikolo, ndipo masiku ano alendo ochokera kunja nawonso achulukamo chifukwa cha mtengo wake. Hotelo imene ndikuikamba pano ndi ya mtundu umenewu. Ili kumwera kwa siteshoni yaikulu ya Kyoto, mbali ya chipata cha Hachijo kumene kumaima sitima zothamanga za Shinkansen, ndipo kuchokera pachipatapo munthu amayenda mphindi zosapitirira khumi akukoka sutikesi yake mumsewu wosalala. Maganizo anga ndi akuti malowa amagulitsa zinthu zitatu zokha, tulo, ukhondo ndi kuyandikira siteshoni, ndipo zitatuzo amazipereka mokhulupirika. Koma amene akufuna kuti chipinda chake chimuonetse Kyoto wakale adzakhumudwa.

Ndikunena zimenezi chifukwa mbiri ya mzindawu imamupatsa munthu chiyembekezo chachikulu. Kyoto unali likulu la mfumu ya Japan kuyambira mu 794 mpaka boma litasamukira ku Tokyo cha mu 1868, ndipo malo akale 17 a mumzindawu ndi m'madera oyandikana nawo analembedwa m'kaundula wa UNESCO mu 1994. Koma nyumba ya hoteloyi ndi yakonkire, yopyapyala, yopanikizika pakati pa malo oimikapo magalimoto ndi hotelo ina yofanana nayo. Palibe denga la matailosi akuda, palibe dimba lamiyala, palibe mphasa za tatami. Chokhacho chimene chimasonyeza kuti muli ku Kyoto ndi kusatalika kwa nyumbayo ndi kuzizira kwa mitundu ya chikwangwani chake, popeza malamulo amene mzindawu unakhwimitsa mu 2007 amachepetsa msinkhu wa nyumba ndiponso amaletsa zikwangwani zothobwa m'maso.

Polandirira alendo zinthu zimayenda mwachangu komanso motsatira lamulo. Mlendo wakunja amene alibe keyala ku Japan amapemphedwa pasipoti kuti aijambule, ndipo limeneli ndi lamulo la dziko, osati kukayikira munthu. Ndalama zonse zimalipiridwa pofika, pa makina amene amalandira khadi kapena ndalama zapepala n'kutulutsa khadi lotsegulira chitseko. Nthawi yolowera m'chipinda ndi 3 koloko masana, ndipo amaisunga ndithu: ngakhale mufike m'mawa mutatopa ndi ulendo wa pandege, mayi wa pakauntala adzawerama mwaulemu, adzalandira katundu wanu n'kumumangirira nambala, koma kiyi simudzaiona nthawi isanakwane. Chingerezi cha antchito n'chochepa, chokwanira za malipiro, chakudya cham'mawa ndi njira ya ku siteshoni. Nditafunsa za sitolo yogulitsa mankhwala, bambo wina wachikulire amene anali pantchito usiku sanadzivute ndi mawu. Anatenga mapu apepala, anajambula njira ndi cholembera chofiira, analemba nthawi imene sitoloyo imatseka, kenako anandiperekeza mpaka pakhomo n'kuloza kumene ndiyenera kukhota. Pafupi ndi chikepe pali shelefu imene aliyense amatengapo yekha mswachi, lumo lometera, chipeso ndi tiyi wobiriwira wa m'timapaketi.

Chipinda cha munthu mmodzi n'chaching'ono kwambiri, pafupifupi masikweya mita 12 kuphatikizapo bafa. Mukatsegula chitseko mumalowa m'kanjira kopapatiza, kumanzere kuli bafa, kumanja kuli zokolekera zovala zitatu pakhoma popanda kabati, ndipo kutsogolo bedi latsamira khoma, moyang'anizana ndi tebulo lalitali lopyapyala. Patebulopo pali wailesi yakanema, ketulo yamagetsi, galasi ndi nyale, pansi pake pali kafiriji kopanda kanthu. Sutikesi yaikulu ilibe poitsegulira kupatula pabedi, choncho usiku uliwonse mumaitseka n'kuikankhira pansi pa bedi, limene analikweza dala kuti katundu alowe. Poyamba kupanikizikaku kumasowetsa mtendere, koma munthu akazolowera amaona kuti amene anakonza chipindachi anaganizira dzanja lililonse limene mlendo adzatambasule: mabatani a magetsi onse, wotchi yodzutsa ndi soketi yotchajira foni zili pamutu pa bedi, moti simudzukanso mukagona. Pabedi amaikapo chovala chogonera chochapidwa bwino, pakhomo pali masilipasi, ndipo pambali pa zokolekera zovala pali botolo la mankhwala opopera jekete kuti lichoke fungo. Intaneti ndi yaulere ndipo sinadukepo.

Ukhondo wake ndi umene ndingauyamikire popanda kuwiringula. Ndinayang'ana m'makona mmene fumbi limabisala m'mahotelo ambiri otchipa, kuseri kwa wailesi yakanema, m'mphepete mwa kapeti, pansi pa sinki, ndipo sindinapeze kanthu. Nsalu zapabedi zinali zoyera ndi zosita, ndipo ngati simukufuna kuti alowe kudzakonza, mumamata kachikwangwani ka maginito pachitseko, iwo n'kukupachikirani matawulo atsopano m'thumba panja.

Bafa lake ndi bokosi limodzi lapulasitiki loumbidwa kufakitale, lokwezeka pang'ono kuposa pansi pa chipinda, moti usiku muyenera kukumbukira kukweza phazi polowa. Mkati mwake muli chimbudzi, sinki ndi beseni losambiramo lalifupi koma lakuya, limene munthu amakhalamo atapinda mawondo madzi n'kumufika m'mapewa. Mpopi ndi umodzi, umatembenuzidwira ku sinki kapena ku beseni. Mabafa oumbidwiratu otere anayamba kufala pamene mahotelo ankamangidwa mothamanga pokonzekera masewera a Olympics a ku Tokyo mu 1964, ndipo ndi amene amachititsa kuti chipinda chikhale chotchipa kumanga ndi chosavuta kutsuka. Madzi otentha amabwera nthawi yomweyo ndi mphamvu yokwanira, ndipo munthu amene wayenda tsiku lonse m'makwerero a akachisi amathokoza beseni lakuyalo. Chimbudzi ndi chija chokhala ndi mpando wofunda ndi mabatani otsukira ndi madzi, mtundu umene kampani ya TOTO inayamba kugulitsa mu 1980. Munthu wamtali kapena wathupi adzavutika kutembenuka m'bafamu, ndipo zimenezi ndi zofunika kuziganizira musanalipire.

Pali mavuto ena amene zithunzi za pa intaneti sizionetsa. Zenera la chipinda changa linkayang'ana khoma la nyumba yoyandikana, pafupi kwambiri moti masana kunali kofunika kuyatsa magetsi, ndipo linkatseguka pang'ono chabe. Makina otenthetsa mpweya amaumitsa kukhosi m'nyengo yozizira, ndipo Kyoto, pokhala m'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri mbali zitatu, amazizira kwambiri mu Januwale n'kutentha mothetsa nzeru mu Ogasiti. Mwayi wake ngwakuti pakauntala amabwereketsa kachipangizo konyowetsa mpweya, koma n'tochepa ndipo timatha msanga. Pilo anali wolimba ndi wathyathyathya. Makoma ndi opyapyala ndithu, ndipo ngakhale alendo ambiri amakhala chete, chitseko chilichonse chotsekedwa m'khonde chimamveka, komanso mawilo a masutikesi a anthu othamangira sitima yoyamba amadzutsa munthu mbandakucha. Chimene chinandinyansa kwambiri ndi fungo la fodya wakale limene linkatuluka pansanjika ina chikepe chikatseguka, chifukwa hoteloyi idakali ndi zipinda za osuta. Posungitsa malo onetsetsani kuti mwasankha chipinda cha osasuta, popeza mawu amenewo amalembedwa ang'onoang'ono ndipo kusintha mutafika kumadalira mwayi. Ochokera kwathu akumbukirenso kuti magetsi a ku Japan ndi a mavoti 100 ndipo soketi zake zimalandira pulagi ya mano awiri aphanthiphanthi, choncho pulagi yathu ya mano atatu imafuna adaputala, ndipo chipangizo chotenthetsa chimene chinapangidwira mavoti 230 okha sichigwira bwino ntchito.

Chakudya cham'mawa chimaphatikizidwa pamtengo wa chipinda. Pamakhala mpunga woyera, msuzi wa miso, kachidutswa ka nsomba yowotcha, dzira lokulungidwa lotsekemera pang'ono, masamba oviikidwa m'mchere, ndiwo zophikidwa mwa ku Kyoto zimene amazitcha obanzai, ndi soya wowola wonanda wotchedwa natto, amene fungo lake alendo ambiri amalephera kulipirira. Amene sakufuna zimenezi amapeza buledi, yogati ndi khofi wa pamakina. N'chakudya chabwino, chopatsa mphamvu, ngakhale kuti chimasintha pang'ono chabe tsiku ndi tsiku. Vuto ndi malo odyera, amene ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha zipinda, moti cha m'ma 7 koloko anthu amaima pamzere atanyamula mathireyi kudikira mpando. Aliyense akamaliza amabweza yekha mbale pawindo ndi kupukuta tebulo. Chimene ndikuona kuti oyang'anira ayenera kukonza ndi zolemba za pa mbale, chifukwa zambiri n'za Chijapani chokha ndipo sizinena ngati m'ndiwomo muli nyama ya nkhumba, imene imapezeka ngakhale m'msuzi wooneka ngati wa masamba okha. Kwa abale athu achisilamu ndi a mpingo wa Seventh-day Adventist imeneyi si nkhani yaing'ono. Madzulo hoteloyi siphika, koma masitolo a 7-Eleven, Lawson ndi FamilyMart ali pafupi ndipo amatenthetsa chakudya chimene mwagula, komanso pansanjika yapansi pali makina ochapira ndi oumitsira zovala olipira ndi makobidi a yen 100.

Phindu lenileni la malowa limaoneka m'mamawa, ndipo apa m'pamene ndalama yanu imabwerera. Malo otchuka a ku Kyoto amadzaza anthu dzuwa likangokwera, moti amene wagona kutali amakaona misana ya anzake m'malo moona kachisi. Kuchokera pahoteloyi, kachisi wa To-ji ali pamtunda wa mphindi pafupifupi 15 wapansi. Anakhazikitsidwa mu 796, anaperekedwa kwa mmonke wachibuda dzina lake Kukai mu 823, ndipo nsanja yake yamatabwa ya madenga asanu, yotalika pafupifupi mamita 55, inamangidwanso mu 1644 ndipo ndi yaitali kuposa nsanja zonse zamatabwa za mtundu wake m'dzikolo. Tsiku lililonse 6 koloko m'mawa kumachitika mwambo wopereka chakudya kwa Kukai ngati kuti adakali moyo, ndipo amene amabwera nthawi imeneyo ndi okalamba a m'deralo, ogwada pansi akuimba mapemphero awo, osati magulu a alendo okhala ndi makamera. Pa 21 mwezi uliwonse bwalo la kachisiyu limasanduka msika wa zinthu zakale, mbale, nsalu ndi zomera. Nawonso malo opembedzera a Fushimi Inari, otchuka ndi zipata zofiira zikwizikwi zokwera phiri, sakhala ndi nthawi yotseka ndipo salipiritsa. Mumakwera sitima ya kampani ya JR ya njira yopita kumzinda wa Nara n'kutsika pa siteshoni yachiwiri, ya Inari, patangopita mphindi zisanu. Onetsetsani kuti sitima imene mukukwera imaima pa Inari. Amene wanyamuka 6 koloko amakwera phirilo mwabata n'kubwerera chakudya cham'mawa chisanachotsedwe.

Kupita kumalo ena monga dera la Gion ndi akachisi a Kiyomizu-dera ndi Kinkaku-ji n'kovutirapo, chifukwa mabasi ambiri amanyamukira kumpoto kwa siteshoni, ndipo kuoloka nyumba yaikulu ya siteshoniyo, imene inatsegulidwa mu 1997, kumadya nthawi makamaka kwa mlendo amene sanazolowere makonde ake. Mabasiwo amadzaza kwambiri moti eni mzinda amadandaula kuti akulephera kukwera popita kuntchito, ndipo n'chinthu chaulemu kusiya sutikesi kuhotelo n'kugwiritsa ntchito sitima yapansi pa nthaka pamene n'kotheka. Khadi la ICOCA limalipira basi ndi sitima zomwe. Wochokera kubwalo la ndege la Kansai amafika pa sitima ya Haruka m'mphindi pafupifupi 80, ndipo wochokera ku Tokyo pa Shinkansen amatenga maola awiri ndi mphindi zochepa.

Za mtengo ziyenera kunenedwa mosamala, chifukwa dzina loti hotelo yotchipa limakhala loona m'miyezi ina yokha. Ine ndinalipira ndalama zosafika yen 8,000 pa usiku m'nyengo yozizira pakati pa sabata, ndipo pamtengo umenewo sindikudandaula. Koma chipinda chomwecho chimakwera kawiri kapena kuposerapo maluwa a sakura akamaphuka kumapeto kwa Marichi ndi kumayambiriro kwa Epulo, pa tchuthi cha Golden Week cha kumapeto kwa Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi, pa chikondwerero cha Gion mu Julayi, ndiponso mu Novembala masamba akamafiira. Pamtengo wokwerawo kachipinda kopanda kuwala kwa dzuwa sikayeneranso ndalama zake, ndipo ndi bwino kukagona m'mizinda yapafupi ya Otsu kapena Osaka n'kumabwera pa sitima. Pamwamba pake pali msonkho wa mzinda wa ogona m'mahotelo, umene unayamba mu Okutobala 2018 ndipo unakwezedwa mu Marichi 2026. Umawerengedwa pa munthu aliyense usiku uliwonse, ndipo kawirikawiri suoneka pamtengo wa pa intaneti.

Hoteloyi ndingaivomereze kwa munthu woyenda yekha, kaya wabwera ku msonkhano, ku maphunziro kapena kudzaona malo, amene ali ndi katundu wochepa ndipo amadzuka msanga. Kwa banja la ana, kwa okalamba ovutika kukweza mwendo polowa m'beseni, ndi kwa anthu awiri amene akuganiza zopanikizana pabedi limodzi laling'ono kuti apulumutse ndalama, ndikulangiza kuti afunefune chipinda chachikulu kwina. Nthawi yotuluka ndi 10 koloko m'mawa ndipo kuchedwa kumalipiritsidwa, koma katundu amamusunga kwaulere mpaka madzulo a tsiku lomwelo, ndiponso pakauntala amathandiza kulemba fomu yotumizira sutikesi ku hotelo ya mumzinda wotsatira, kumene nthawi zambiri imafika mawa lake.