Regulator ya ndalama zochepa: ya piston kapena ya diaphragm?

Munthu akamaliza kosi ya Open Water, yoyambira kuphunzira kudayiva ndi tanki ya mpweya, ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear, sipapita nthawi asanadzifunse kuti zida azingobwereka mpaka liti. Magalasi ndi zipsepse zakumapazi mumagula osaganiza kawiri. Pa regulator, chida chokupatsani mpweya wa m'tanki kuti mupume, ndi pamene mutu umaima, chifukwa ndalama yake ndi yowawa, komanso mukakhala mamita 18 pansi pa madzi mulibe kwina kopumira kupatula pa kachitsulo kameneka.

M'tanki yodzaza mumakhala mpweya wa mabar pafupifupi 200 (bar ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya). First stage, ija imamangidwa pa valavu ya tanki, imautsitsa kufika pa mabar 9 kapena 10 pamwamba pa mphamvu ya madzi okuzungulirani, kenako second stage, ija mumaluma pakamwa, imakupatsani mpweyawo mukakoka. Mkangano wonse wa mitengo uli pa first stage.

Tiyambe ndi za piston (kachitsulo koyenda mkati kotsegula ndi kutseka mpweya) zosachita balansi, kutanthauza kuti mphamvu yake imasintha potengera mpweya wotsala m'tanki, monga Scubapro MK2 EVO ndi Cressi AC2. Ziwirizi ndi mapasa potengera kapangidwe: tizitsulo tochepa mkati, bowo limodzi la payipi ya geji yoonetsa mpweya wotsala, ndi mabowo anayi a mapayipi enawo. Anayiwo akukwanirani bwinobwino, chifukwa m'madzi ofunda mumangofuna atatu, la second stage, la octopus (chopumira chapadera cha pangozi) ndi la BCD (jekete lopopa mpweya lokuthandizani kuyandama). MK2 ndi nkhalamba, mtundu wake unayamba kale m'zaka za m'ma 1960, ndipo sukulu zambiri zodayivira zimaikonda chifukwa imapirira nkhanza za ophunzira: kukokedwa pamchenga, kugwetsedwa m'boti, kusiyidwa padzuwa. Cressi, ya ku Genoa, kawirikawiri imatsikirako mtengo, ndipo pansi pa madzi simungathe kunena kuti iyi ndi iti mutatseka maso.

Chilema cha ziwirizi n'chimodzi, ndipo sitibisa. Mpweya ukamachepa m'tanki, mphamvu imene first stage ikutumiza nayonso imatsika, ndiye kupuma kumayamba kulemerako. Ena amadana nazo. Ine ndimaziona ngati mnzanga wondikodola kuti ndiyang'ane geji. Mukakhala pa miyala ya pa Otter Point ku Cape Maclear, maso ali pa mbuna zabuluu zikukukuta ndere pathanthwe, n'zosavuta kuiwala kuti muli ndi geji n'komwe. Komabe kulemerako kumamveka tanki itatsala pang'ono kwambiri, kotero musamakudalire. Wanzeru amakhala atayamba kale kukwera muvi wa geji ukamayandikira pa mabar 50.

Mbali inayi kuli za diaphragm (kachikopa kofewa kogwira ntchito m'malo mwa piston) zochita balansi. Yodziwika kwa osafuna kuwononga zambiri ndi Apeks DS4 yophatikiza ndi ATX40, ya kampani yochokera ku Blackburn ku England. Iyi imapuma chimodzimodzi kuyambira tanki yodzaza mpaka kumapeto, ndipo pa mamita 30, pamene mpweya umakhala wothithikana kanayi kuposa wa kumtunda, kupepuka kwake mumakumva ndithu. Mkati mwake ndi motsekedwa moti madzi salowa, n'chifukwa chake imakondedwa kumadzi ozizira osafika madigiri 10, kumene regulator imatha kuundana n'kuyamba kutaya mpweya osaleka. Pakati pa magulu awiriwa pali Mares Rover 15X ndi Scubapro MK11, za diaphragm nazonso, zabwino koma zopanda nkhani yaitali.

Funso ndi loti mukulipirira chiyani. Nyanja ya Malawi ndi yofunda chaka chonse, ngakhale mu Julaye sitsika pa madigiri 20, ndiponso ilibe mchere wodya zitsulo. Chitetezo cha kuzizira chija pano n'chimodzimodzi kugula jekete la ubweya popita ku Nsanje mu Okutobala. Koma ngati mumakhala ku Cape Town n'kumalowa mbali ya Atlantic, kapena ku Britain kumene anthu amadayivira m'makwale odzaza madzi, musanyinyirike, gulani Apeks. Wa ku Sodwana Bay, kumadzi ofunda a ku South Africa, ali ngati wa kunyanja kwathu, piston imukwanira, bola azitsuka mchere.

Chimene anthu ambiri saganizira ndi sevisi, ndipo apa ndinaphunzira ndi thumba langa. Ndinagula regulator yogwirapo kale ntchito kwa mzungu wina amene amabwerera kwawo. Kunja inkawala ngati yatsopano. Nditachotsa kachivindikiro ka pa first stage, sefa yamkati ija, imene imayenera kukhala yotuwa bwino, inali yobiriwira ngati ndalama yakale yokumbidwa m'munda. Madzi analowamo kalekale. Mtundu wake unali wosadziwika kuno, ma O-ring (timphete ta labala totsekera mpweya) ndi tizipangizo take sitinapezeke, ndipo inatha miyezi ili m'kabati kudikira munthu wopita ku Johannesburg. Regulator iliyonse imafuna kumasulidwa ndi katswiri chaka chilichonse kapena pa zaka ziwiri, malinga ndi opanga ake. Choncho musanayang'ane mtengo, pitani kumene mumadzazitsa matanki mukafunse kuti zida zawo zobwereketsa ndi za mtundu wanji, nanga amazisevisa ndani. Mtundu umenewo ndiwo wotchipa kwa inu, ngakhale pa shelefu utaoneka wodulirapo.

Za kamangidwe pa tanki ndingodutsapo: pali mitundu iwiri, yoke ndi DIN. Yoke imavalidwa pamwamba pa valavu ndipo imalekeza pa mabar 232. DIN imalowa mozungulira ngati bawuti ndipo imafika 300. DIN mutha kuigulira adaputala kuti igwire pa valavu ya yoke, pamene yoke singagwire pa valavu ya DIN ya mabar 300. Onani matanki amene muzigwiritsa ntchito, musankhe zogwirizana.

Ine ndinatsirizira pa MK2, ndipo ndalama imene ikanapita ku Apeks ndinagulira octopus ndi geji yooneka bwino manambala. Ndikatuluka m'madzi ndimayamba ndaumitsa kachivindikiro kaja ndi thaulo n'kukatseka, kenako ndiye kutsuka, osadina batani la purge, lija lotulutsira madzi mu second stage, ili m'beseni.