Loweruka limene ndinaphunzira kunyowetsa tsitsi langa ku Chilomoni

Ndinasiya kuika relaxer, mankhwala owongolera tsitsi, mu 2022, nditapsa kunkhongo kachitatu. Chaka chomwecho kunamvekanso za kafukufuku wa National Institutes of Health, bungwe la boma lofufuza za umoyo ku America, wonena kuti amayi amene amawongola tsitsi ndi mankhwala pafupipafupi amakhala pachiopsezo chokulirapo cha khansa ya m'chiberekero. Nkhaniyo inandiopsa, koma chimene chinandichotsa kwenikweni ndi zipsera zija. Ndinameta lonse, n'kuyamba kudikira langa lachibadwidwe.

Litamera, ndinapeza kuti sindilidziwa. Kusukulu za boma tinkameta, aliyense mutu waufupi, ndipo lamulo limenelo linali lolimba moti ana achirasta anachita kufika kukhoti lalikulu ku Zomba, komwe mu Meyi 2023 anagamula kuti aloledwe kuphunzira ndi tsitsi lawo. Ine nditangomaliza fomu 4 ndinathamangira mankhwala. Ndiye mayi wa zaka 34 ndinali ndisanapesepo tsitsi langa lenileni lotalika kuposa chala. M'mawa uliwonse ndinkapaka mafuta ambirimbiri, n'kulikoka ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono likadali louma. Pansi pankagwa titsitsi tothyokathyoka, mutu ukuwala ndi mafuta koma ukaugwira uli gwa ngati udzu wa mu Okutobala.

Mnzanga wa kuntchito ndi amene anandilozera kasaluni kena ku Chilomoni, kuseri kwa golosale, komwe mayi mwini saluniyo amaphunzitsa kusamala tsitsi lachilengedwe Loweruka m'mawa. Mipando ndi iwiri, galasi limodzi, ndi chidebe cha madzi pakona podziwa kuti mpopi umatha kuuma. Ndinalipira K15,000, kuchapa ndi kuphunzira pamodzi.

Ndiyambe ndi chimene chinandiwawa. Tinagwirizana 9 koloko, koma ndinakhala pampando itadutsa 10:30, chifukwa anali atalandira kale mtsikana wina woluka meshi. Munthu wasiya zochapa kunyumba, wakwera minibasi ziwiri, bwenzi atangonditumizira uthenga pa WhatsApp kuti ndichedwerepo.

Koma atandigwira m'mutu, mkwiyo wonse unatha. Sanatenge chipeso. Anagawa tsitsi panayi, n'kulipopera madzi mpaka kunyowa, kenako anapaka conditioner n'kuyamba kumasula mfundo ndi zala, kuyambira kunsonga kupita kutsinde. Anatenga kachingwe kamodzi ka pamwamba pa khutu, kamene ine ndinkakaona ngati kakafupi, n'kukakoka pang'onopang'ono. Kanafika pachibwano. Atakasiya kanabwerera ngati sipuling'i.

"Mwaona, achemwali? Tsitsi lanu likukula, koma inu mukulithyola kunsonga tsiku ndi tsiku."

Anafotokoza kuti khungu la m'mutu limatulutsa mafuta akeake, ndipo pa tsitsi lowongoka mafutawo amatsetsereka mosavuta mpaka kunsonga. Lathuli ndi lopotanapotana, ndiye mafuta aja amathera m'njira, nsonga n'kutsala zouma. Chonyowetsa tsitsi ndi madzi. Ntchito ya mafuta ndi kutsekera madziwo kuti asathawe msanga. Ine zaka ziwiri zathunthu ndinkatsekera chiuma. Ndinakhala chete kwa kanthawi pampando paja, ndikuganiza za mabotolo onse amene ndinagula ndikuyesa kuti vuto ndi mtundu wa mafuta.

Titachapa, anandionetsa ndondomeko yake: madzi poyamba, kenako leave-in (conditioner imene sumaitsuka ukapaka), pomaliza mafuta pang'ono. Pa mafuta anali ndi mitundu itatu pa shelefu. A nsatsi, omwe agogo anga ankatenga mu nthanga zokazinga n'kusinja, ndi olemera komanso onanda, ndipo anati ndizingopaka kunsonga ndi m'mphepete mwa chipumi. A malambe ndi opepuka, amalowa bwino osasiya mutu ukumata. Shea butter, amene amachokera ku West Africa monga ku Ghana ndi Burkina Faso, anatapa kochepa ngati nyemba imodzi n'kusungunula m'manja asanapake. Pa tsitsi langa a malambe ndi amene anagwira bwino. Shea butter ndikachulutsa amakoka fumbi, ndipo aliyense woyenda pansi mu Blantyre m'chilimwe akudziwa fumbi lake.

Chimene sindinachiyembekezere ndi therere. Anali atawiritsa therere lobala, n'kusefa ndi kansalu, kutsala madzi otelera aja. Atapaka, zala zinkangodutsa m'tsitsi popanda kukodwa. Anandichenjeza kuti ndisamasunge masiku ambiri ngakhale mu fuliji, chifukwa limasasa n'kuyamba kununkha. Kunyumba ndimaphika lochepa lokwana tsiku limodzi.

Magawo atatu anapota yekha, zingwe ziwiriziwiri, ine ndikuyang'ana pagalasi. Gawo lachinayi anandisiyira. Zala zanga zinkasokonezeka, zopota zanga zinatuluka zina zonenepa zina zowonda, koma sanandilande. Ankangogwira dzanja langa n'kulitembenuza pang'ono, "musakoke, lolani lizungulire lokha." Apa ndi pamene ndinaona kuti ndalama yanga yapita pabwino. Masaluni ambiri amakukonza kuti ubwerenso sabata yamawa, pomwe mayi ameneyu amafuna ukathe wekha pakhomo.

Anayang'ananso m'mphepete mwa chipumi changa, momwe tsitsi linayamba kuchepa chifukwa cha zoluka zokoka, ndipo anakana kundiluka mizere yothina ngakhale ndinapempha. Anati ngati usiku woyamba ukulephera kugona chifukwa cha kuwawa, mizu ikuvulala, ndipo ukapitiriza zaka zambiri pena silimeranso. Ndikafuna kuti litambasuke popanda moto, anati ndilimange ndi ulusi, monga ankatichitira amayi tili ana tisanayambe sukulu.

Chachiwiri chimene sindinakondwere nacho ndi mabotolo ogulitsa. Ali ndi zosakaniza zake zimene amathira m'timabotolo topanda chizindikiro chilichonse, osalemba zimene zilimo kapena tsiku limene anapanga. Anandikakamiza ndithu kuti nditengeko. Ndinakana mwaulemu, chifukwa khungu langa la m'mutu linavutika kale mokwanira, ndipo ndinamuuza kuti akayamba kulemba ndidzagula. Ndinangotenga kachipewa ka satini kogonera. Kale ndinkagona nditamanga duku la chitenje, osadziwa kuti nsalu ya thonje imamwa chinyezi chonse usiku.

Ulendo woyamba kuchita ndekha ndinalakwitsa, ndinamasula zopota zisanaumitsitse, tsitsi n'kungofufuma lopanda maonekedwe. Tsopano ndimapota Loweruka madzulo, n'kumasula Lolemba m'mawa nditapaka timafuta m'zala. Pakati pa sabata ndimapopera madzi kawiri, ndipo mu Juni ndi Julayi, mphepo yozizira ikamaumitsa ngakhale milomo, ndimawonjezera kachitatu. Patha miyezi isanu, ndipo pansi pa galasi langa sipakugwanso titsitsi tija.

Ndidzapitakonso mwezi wamawa kukadula nsonga, ndipo ulendo uno nditenga mwana wa mchemwali wanga wa zaka 7, amene amalira akangoona chipeso. Ndidzaimba foni kaye ndisanakwere minibasi.